Za mawilo a longboard: musagule a mpikisano musanaphunzire kuima

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwagula longboard (skateboard yaitali, thabwa la mawilo anayi loyendera mutaimirira) yogwiritsidwapo kale ntchito kuno ku Cape Town, mukufuna muziyendera pa Sea Point Promenade, njira ya m'mbali mwa nyanja ija, mukaweruka, komanso mtima ukulakalaka kuphunzira kutsika mitsetse ngati anyamata amene mumawaona aja. Mawilo amene inabwera nawo akulira gudugudu, ndipo wina wakuuzani kuti mugule a 80mm chifukwa ndiwo othamanga. Ndalamayo isungeni kaye m'thumba, tikambirane.

Longboard ilibe buleki. Pamalo athyathyathya mumaima ndi phazi, kukhwekhwereza nsapato pa phula. Koma pa mtsetse weniweni, liwiro likakwera, buleki yanu ndi mawilo omwewo: mumapingasa thabwa, mawilo n'kusiya kugwira msewu, n'kumaterereka chammbali mpaka liwiro litatha. Ndiye slide amanenayo. Choncho kwa munthu woyamba kumene, ubwino wa wilo uli pa mmene limasiyira msewu mukalipempha kuti lisiye. Limasiya mofatsa, pang'onopang'ono, kapena limakakamira kenako n'kukuponyani? Zina zonse zimabwera pambuyo pa funso limeneli.

Ine ndinaziphunzira ndi phewa. Mawilo anga oyamba a mtsetse anali aakulu, atsopano, onyezimira, a m'mbali mwakuthwa. Ndinapita nawo pa kamsewu kopanda magalimoto m'mamawa, ndinatsika, ndinaika dzanja pansi kuti ndipingase thabwa. Mawilo anakana. Ndinakankha mwamphamvu, anasiya pang'ono, kenako anagwiranso mwadzidzidzi, ine ndiye ulendo wa mumlengalenga kudutsa pamwamba pa thabwa. Milungu itatu ndinkavala shati ndi dzanja limodzi. Mawilowo analibe vuto, anali a munthu wodziwa kale, ndipo sindifuna kuti inu mudutse momwemo.

Pa wilo lililonse pamalembedwa manambala awiri, mwachitsanzo 70mm 80a. Yoyambayo ndi kutalika kwa wilo. Wilo laling'ono limanyamuka msanga mukapalasa, koma limathanso mphamvu msanga, ndipo kamwala kakang'ono kamaliimitsa. Lalikulu limachedwa kunyamuka, koma likagwira liwiro limasunga, ming'alu ndi timiyala limangokwera pamwamba. Pa Promenade paja pali timanjerwa toyala pansi, ndiye wilo la pansi pa 65mm limakunjenjemeretsani mapazi mpaka dzanzi. Kuyambira 68mm mpaka 72mm ndi pamene ntchito zanu ziwirizi zikukumanirana. A 75mm mpaka 85mm, monga Orangatang Kegel amene ndi 80mm kapena Caguama amene ndi 85mm, ndi okoma kwambiri pa ulendo wautali, koma ali ndi msampha wake umene ndiunena pansipa.

Nambala yachiwiri, yothera ndi a, ndi kulimba kwa urethane, mphira imene amapangira mawilo. Amaiyeza pa sikelo ya Shore A. Mawilo a skateboard ya kupaki amakhala cha m'ma 99a, olimba ngati mwala. A longboard ambiri ali pakati pa 75a ndi 86a. Ofewa amameza mabampu, amagwira msewu, ndipo pa phula lokhakhala amathamanga kuposa olimba chifukwa sadumphadumpha. Olimba amaterereka msanga ndipo pa phula losalala amathamanga. Ngati thupi lanu ndi lolemera, tinene kupitirira makilogalamu 90, kwezani nambala pang'ono, chifukwa wilo lofewa limaphwatalala pansi panu n'kumakoka ngati tayala lopanda mpweya wokwanira. Kampani ya Orangatang inapeputsa zinthu poika mitundu: abuluu ndi 77a, a olenji ndi 80a, apepo ndi 83a, achikasu ndi 86a.

Komabe nambala imeneyi musaikhulupirire kwambiri. Kampani iliyonse ili ndi kasakanizidwe kake ka urethane. Powell Peralta Snakes ndi 75a, nambala yooneka ngati ya wilo logwira msewu kwambiri, koma amaterereka mosavuta kuposa mawilo ambiri a 83a. Ine ndikamalangiza munthu ndimayang'ana kaye maonekedwe a wilo, nambala pambuyo.

Litengeni wilo m'manja, muliyang'ane m'mbali mwake, pamene mbali yogunda msewu imathera. Malo amenewa timati lip. Ena ali ndi lip yakuthwa, yosongoka ngati mlomo wa kapu. Mukakhota kona, mlomowo umapindika n'kukanirira phula, ndiye wilo limagwira zolimba. Awa ndi a mpikisano. Ena lip yawo ndi yobulungira, ilibe pogwirira, ndipo amasiya msewu mosavutitsa. Kenako pitani chala pamwamba pake. Wilo la mpikisano limachoka ku fakitale ndi khungu losalala, lonyezimira, lomata pang'ono. Khungu limenelo ndi limene limagwira msewu koposa, ndipo likangochoka silibwereranso. N'chifukwa chake amene ankapikisana ku Hot Heels Africa, mpikisano wa pa msewu wotsekedwa ku Kogelberg kufupi ndi Kleinmond, ankasunga mawilo atsopano kudikira mathero a mpikisano. Wilo lophunzirira limabwera litapalidwa kale khungu ndi mwala, pamwamba pake pali mbuu, pokhakhala. Pa paketi amalemba stone-ground. Limenelo limaterereka kuyambira tsiku loyamba. Onaninso kutambalala kwa mbali yogunda msewu: kukakhala kwakukulu, kupitirira 50mm, wilo ndi logwira, cha m'ma 35mm kapena 40mm ndi losavuta kulikankha.

Chatsala ndi core, kapulasitiki kolimba ka pakati kamene mabearing, tizitsulo tozungulitsa wilo, amakhalamo. Ikakhala pakati penipeni amati centerset, ikapendekera mkati pang'ono amati offset, ikakhala kumapeto kwenikweni amati sideset. Kwa munthu wowerengera ndalama, centerset ili ndi phindu limodzi lalikulu: wilo likadyeka mbali imodzi mumalitembenuza, kunja kukhale mkati, n'kupitiriza.

Ndiye mukandifunsa kuti ndigule ati, yankho langa ndi ili. Gulani mawilo a 69mm kapena 70mm, pakati pa 78a ndi 80a, a lip yobulungira, opalidwa kale. Orangatang Stimulus a olenji ali m'gulu limeneli. Snakes a 69mm, ngakhale ndi 75a, amagwira ntchito yomweyi ndipo sachita msanga flat spot (kuphwatalala malo amodzi). Pa Promenade adzakuyendetsani bwinobwino, ndipo tsiku limene mudzayambe kuphunzira slide adzakumverani. A 80mm akuthwa aja mudzawagula mukadzafika poti mutha kuima paliponse pamene mwafuna, kumanja ndi kumanzere komwe. Pamenepo kugwira msewu kwawo kudzakhala mphatso.

Tsopano msampha uja wa mawilo aakulu. Mukapendekera mbali kuti mukhote, thabwa limatsikira ku wilo. Zikakhudzana, wilo limaima nthawi yomweyo, thupi lanu lokha n'kupitirira. Amati wheelbite. Simunanene mtundu wa thabwa lanu. Ngati ndi lija lodulidwa pamwamba pa mawilo, ma truck (zitsulo zogwira mawilo) olowera pa bowo, muli ndi mpata wambiri. Ngati ma truck ali pansi pa thabwa lathunthu, 70mm ikhoza kukhudza kale, 80mm ndiye osanena. Kuyesa kwake n'kosavuta. Pakani choko pa mawilo, ikani thabwa pa kapinga kapena pa kalipeti, kwerani, pendekerani ndi thupi lonse mbali iyi kenako inayo. Mukaona choko pansi pa thabwa, ikani riser (kapulasitiki kokweza thabwa) ya 3mm kapena 6mm pakati pa truck ndi thabwa, ndi mabawuti aatali oyenerana nayo. Musathetse vutoli pongomanga nati ya kingpin (bawuti lalikulu la pakati pa truck) mpaka ma bushing (timphira ta pa bawutilo) kuphwanyika, thabwa lidzasiya kukhota.

Tibwere ku gudugudu wanu. Mvetserani kulirako. Kukakhala kwa kagunde kobwerezabwereza, kowonjezera changu liwiro likamakwera, ndiye kuti wilo lina lili ndi flat spot, kamalo kophwatalala. Zimachitika munthu akapingasa thabwa ndendende mopingasa msewu, wilo n'kusiya kuzungulira, malo amodzi okha n'kumadyeka. Mwini wake woyamba ayenera kuti ankachita zimenezi. Tembenuzani thabwa, zungulizani wilo lililonse pang'onopang'ono chala chili pamwamba, mudzakamva kamaloko. Kakakhala kakang'ono nthawi zina kamatha kokha mukamaterereka thabwa lili chopendekera, mawilo akuzungulirabe. Kakakhala kakakulu, wilo latha, ndipo pa mtsetse musapite nalo. Koma kulirako kukakhala kwa khwee kosalekeza, ngati mchenga m'mano, amenewo ndi mabearing. Ndipo wilo likamagwedera chammbali mukaligwedeza ndi dzanja, ndi nati yomasuka kapena mulibe spacer.

Spacer imeneyi anthu amainyoza chifukwa ndi kachitsulo kotchipa, kapaipi ka 10mm kokhala pakati pa mabearing awiri mkati mwa wilo. Popanda iko, mukamanga nati zolimba mumafinya mabearing, wilo n'kuuma. Mukamasula, wilo limagwedera, ndipo pa slide limachita phokoso n'kumadumpha. Ikakhalamo, pamodzi ndi timawashala tiwiri, kamodzi mkati kamodzi kunja, mumamanga nati mpaka kumapeto, wilo n'kumazungulirabe momasuka. Mabearing a Zealous amabwera ndi spacer yolumikizidwa kale, ndipo amandichepetsera ntchito. Mabearing onse a skateboard ndi saizi imodzi, 608: bowo la 8mm, kunja 22mm, kuchindikala 7mm. Za ABEC 7, ABEC 9 zolembedwa pa mabearing zisakudyereni ndalama. Nambala imeneyo ndi muyezo wa kulondola kwa kapangidwe, wa makina a m'mafakitale, siinena za dothi kapena mphamvu yochokera chammbali imene bearing imakumana nayo pa slide. Mabearing a Bones Reds otsukidwa bwino ndi okwanira.

Kusamala mawilo kwenikweni ndi kuwasinthanitsa malo. Sadyeka mofanana. Mbali imene mumakonda kuterereka imadya mawilo ake, ndipo wilo lokha limayamba kuonda mbali imodzi n'kuoneka ngati chikho. Ine ndikamaliza tsiku la slide ndimachotsa onse anayi, ndimawaimika pa tebulo moyandikana, ndimaona lalikulu ndi laling'ono. Kawirikawiri lakutsogolo kumanzere limapita kumbuyo kumanja, lakutsogolo kumanja limapita kumbuyo kumanzere. Lodyeka kwambiri lipite pamalo podya pang'ono. Ndi ntchito ya mphindi khumi ndi sipanala ya 13mm, koma mawilo amatha onse pamodzi m'malo motaya atatu abwino chifukwa cha limodzi. Mizere yoyera imene imatsala pa phula mukaterereka ndi urethane yanu yomweyo, choncho kudyeka musadabwe nako. Dandaulani mukaona zidutswa zikubenthuka m'mbali, kapena mphira ikulekana ndi core. Wilo lotero lichotseni tsiku lomwelo.

Poti mukukamba za Sea Point, mdani wanu wamkulu ndi nyanja. Mafunde akakula amalumpha khoma n'kunyowetsa njira, ndipo mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ija ikayamba m'chilimwe imamwaza mchenga paliponse. Madzi amchere amadyetsa mabearing dzimbiri usiku umodzi wokha. Mukaponda ponyowa, musagoneke thabwa choncho. Chotsani mawilo, tulutsani mabearing powakola ndi nsonga ya axle (chitsulo chimene wilo limazungulirapo), tsegulani kachivundikiro ka mphira ndi nsonga ya pini mosapinda. Aviikeni mu isopropyl alcohol (sipiriti wotsukira) m'kabotolo, khutchumulani mpaka madziwo ade, sinthani, khutchumulaninso. Aumitseni bwinobwino, kenako madontho awiri a oilo wopepuka pa iliyonse. Wa makina osokera amagwira ntchito ngati wa skateboard palibe. Mafuta opopera a WD-40 ayi, amatsuka mafuta amene analimo n'kusiya bearing youma pakapita masiku ochepa. Mawilo enieniwo ndi madzi a sopo basi, mabearing atachotsedwa, ndipo musawasiye m'galimoto yotentha kapena pa dzuwa masiku ambiri.

Pa nati za axle pali kamphete ka nayiloni mkati kamene kamaletsa nati kumasuka. Mukaona kuti nati ikulowa mpaka kumapeto ndi zala zokha, kamphete kaja katha, gulani zina. Ndinaonapo wilo likuchoka pa thabwa la mnzanga n'kumapita lokha kutsogolo, mwamwayi anali asanafike pothamanga. Chiyambire tsiku limenelo ndimagwira nati zonse zinayi ndisanatsike, ulendo uliwonse.

Pa phula lonyowa urethane sigwira, makamaka pa mizere yopentedwa, ndiye m'miyezi yamvula ya June mpaka August mitsetse muzisankha tsiku louma. Ndipo pa ndalama imene mwasungira mawilo a 80mm aja, ndikupemphani, achimwene, muyambe mwapatula ya helimeti ndi magolovesi a slide, aja okhala ndi pulasitiki yolimba pachikhatho. Dzanja lopanda golovesi simungaliike pa phula, ndipo popanda kuika dzanja pansi slide yoyamba n'kovuta kuiphunzira. Pophunzirira pezani kamtsetse kafupi kothera pa malo athyathyathya, koonekera mpaka kumapeto, kopanda magalimoto, ndipo mupite ndi munthu.

Jambulani thabwa lanu chapansi ndi chammbali, komanso wilo limodzi pafupi kuti manambala aoneke, muike pansi pa ndemanga ino pamodzi ndi kulemera kwanu. Ndikaona ndidzakuuzani ngati 70mm ilowa popanda riser.