Sola ndi chinyezi pa Likoma: yankho kwa aphunzitsi ochokera ku Dedza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene waphunzitsa ku Dedza zaka zambiri, ndipo tsopano amutumiza ku Likoma. Nyumba imene amulonjeza sinalumikizidwe ku magetsi. Wogulitsa wina mumzinda wamuuza kuti atenge invata (chosandutsa magetsi a m'batire kukhala ngati a ESCOM) ya mawati 3000, batire imodzi ya 100Ah (Ah ndi muyeso wa magetsi amene batire imasunga) ndi panelo imodzi ya mawati 150, ati zimenezi ziyendetsa chilichonse mpaka firiji. Wamvanso kuti kunyanja zovala, mabuku ndi ufa zimachita chuku. Akufunsa ngati agule zonsezo asanakwere sitima, komanso mmene angatetezere katundu wake.

Aphunzitsi, zimene akuuzanizo musagule. Ndifotokoza chifukwa chake, koma tiyambe ndi kumene mukupitako, poti sola yabwino ku Dedza si yomweyo yabwino pachilumba.

Mukuchoka pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kupita panyanja imene ili pa mamita osakwana 500. Likoma ndi kachilumba ka masikweya kilomita 18, kozunguliridwa ndi madzi a Mozambique, moti mapiri a kutsidya kwa Cobue mudzawaona tsiku lililonse, pomwe Nkhata Bay ili kutali makilomita oposa 60. Mukafika m'chilimwe mudzadabwa kuti chinyezi chimene ankanenacho chili kuti: miyala, milambe, mango, udzu wouma. Chimabwera ndi mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo. Mpweya wotentha umasenza madzi ambiri. Pa madigiri 20 umatha kusunga magalamu 17 a madzi mu kiyubiki mita imodzi, pa madigiri 30 umafika magalamu 30. N'chifukwa chake thukuta siliuma pathupi, thaulo limagona lonyowa, mchere m'botolo umagwirana. Chokoma chake n'chakuti madzi a nyanja yathu alibe mchere, choncho dzimbiri silidya zitsulo mwaliwiro ngati ku Beira kapena ku Zanzibar.

Musanaike ndalama pa sola, funsani kaye za pholo la magetsi. Kale magetsi a pachilumbapa ankachokera ku majenereta a dizilo ndipo ankayaka maola owerengeka, koma mu 2020 EGENCO inatsegula malo opangira magetsi a dzuwa pa Likoma ndi Chizumulu, a megawati 1.3 pamodzi. Ngati waya wa ESCOM wadutsa pafupi ndi nyumba yanu, kambiranani ndi a komiti ya sukulu za kulumikiza. Zikatheka, sola yanu ingakhale yaing'ono, yongogwirizira magetsi akazima. Ngati pholo lili kutali, werenganibe.

Tsopano masamu, ndipo ndikudziwa kuti kwa inu si chinthu choopsa. Chipangizo chilichonse muchulukitse mawati ake ndi maola amene chimayaka. Mababu anayi a LED a mawati 5, maola asanu: 100. Mafoni awiri: 30. Laputopu ya mawati 50, maola atatu: 150. Fani ya mawati 20 usiku wonse, maola asanu ndi atatu: 160. TV yaing'ono ya mawati 40, maola atatu: 120. Zonse pamodzi ndi 560, zimene amazilemba kuti 560Wh. Batire ya mavoti 12 ya 100Ah imasunga 1200Wh, koma ikakhala ya mtovu, ya asidi ija kapena ya gel, simuyenera kuitsitsa kupyola theka. Zanu zenizeni ndi 600Wh basi. Ndiye kuti batire imene akugulitsaniyo ikukwanirani usiku umodzi, popanda chotsalira cha mawa, ndipo firiji sitinaiwerengere. Firiji yaing'ono kumalo otentha imadya pakati pa 600Wh ndi 1000Wh pa tsiku payokha.

Invata ya mawati 3000 ija ndiyo imandipweteka mtima kwambiri, chifukwa anthu ambiri aluza nayo ndalama. Invata sipanga magetsi, imangosandutsa amene ali m'batire kuti akhale a mavoti 230. Kukula kwake kuli ngati kukula kwa mpopi: thanki ikakhala yaing'ono, mpopi waukulu umangoikhuthula msanga. Mutaikoka mawati 3000 enieni, theka la batire yanu lingathe m'mphindi 12. Choipa china n'chakuti invata yaikulu imadya ngakhale simunalumikizeko kanthu. Zambiri zimatenga mawati 25 kapena kuposa pongokhala zoyatsa, ndipo pa maola 24 amenewo ndi 600Wh. Panelo ya mawati 150, tsiku lowala bwino, imakolola pafupifupi 500Wh. Mukuona nokha: zonse zimene dzuwa lapereka zikuthera kudyetsa invata.

Ndikanakhala inu ndikanagula mapanelo okwana mawati 400, kontirola (kachipangizo koyang'anira mmene mapanelo akutchajira batire) ya mtundu wa MPPT, batire ya lithiamu ya LiFePO4 ya 100Ah, ndi invata ya mawati 500 kapena 600 yolembedwa pure sine wave, kutanthauza yotulutsa magetsi osalala ngati a ESCOM, yoti muzizimitsa mukamagona. Mababu ndi fani zikhale za mavoti 12 kuti zisadutse pa invata. Lithiamu ndi yodula pogula, sindikubisirani, koma mumagwiritsa ntchito pafupifupi 1000Wh mwa zimene yasunga, siimva kuwawa ikagona yosadzadza, ndipo imalemera makilogalamu 12 kapena 13 pomwe ya mtovu imafika 30. Kulemera kumeneko mudzakumvetsa tsiku lotsitsa katundu m'sitima. Ngati thumba silikulola, tengani mabatire awiri a mtovu olembedwa deep cycle. Ya galimoto ayi. Inapangidwa kuti ilize injini kwa masekondi ochepa, ndipo mukamaitsitsa usiku ndi usiku siimaliza chaka.

Mwina mukuti mawati 400 achuluka. Mu Okutobala achulukadi, batire idzadzadza musanaweruke. Koma sola ya kunyanja amayezera Febuluwale. Tsiku lowala mapanelo amenewa akupatsani cha m'ma 1400Wh, koma kumwamba kukatseka ndi mitambo yamvula amatsika kufika gawo limodzi mwa magawo anayi, nthawi zina kucheperapo, ndipo masiku otere amatha kutsatizana atatu. Tsoka lake, nyengo yomweyo ndi imene fani mumaifuna kwambiri. Firiji idikire chaka chachiwiri, mutaona mmene nyengo zonse zayendera. Mukadzaifuna mudzawirikize mapanelo ndi batire. Simbi, ketulo ndi mbaula yamagetsi muziiwale, chifukwa chilichonse chotenthetsa chimayambira mawati 1000. Pachilumba nsomba ndi yatsiku lomwelo, usipa ndi utaka amaumitsa pathandala, kotero firiji siisoweka ngati mmene mukuganizira muli kumtunda.

Apa ndifike pa chimene ndinachiphunzira molipira. Chaka changa choyamba kunyanja ndinaika batire m'kabati yotseka, pakona ya chipinda chopanda siling'i, pansi pa malata. Ndinkati ndikuiteteza kwa ana ndi fumbi. Pofika mvula yachiwiri inali itatupa m'mbali, mababu akuzima nthawi ya 8 koloko usiku. Ndinakwiyira amene anandigulitsa, koma mlandu unali wanga. Batire ya mtovu amaipangira madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 moyo wake umadulidwa pakati. M'kabati muja masana munkapsa. Chitseko chomwecho chinkasunganso chinyezi, moti mitu ya batire inamera zoyera ngati ufa, ndipo nsapato zimene ndinaika pashelefu ya pamwamba zinabiriwira ndi chuku. Kuyambira pamenepo ndinazindikira kuti batire ndi nsapato zimafuna chinthu chimodzi, mphepo yodutsa. Kutentha ndi chinyezi zimaononga kwambiri pamene mpweya waima.

Choncho batire ikhale m'chipinda chozizira kuposa zonse, pathabwa lokwera pang'ono, mthunzi uli pamwamba, mbali zonse zili poyera. Ikakhala yothira madzi, muzithira madzi a batire ogula okhaokha, osati a m'nyanja kapena a pamjigo, ndipo musayatse kandulo pafupi chifukwa potchaja imatulutsa mpweya woyaka. Mitu yake muimange zolimba n'kupaka Vaseline. Pafupi ndi mutu wa pulasi payikidwe fyuzi, ndipo pamenepa musalole mmisiri aliyense kukuuzani kuti n'zosafunika: batire ikagundanitsa mawaya imasungunula kopa ndi kuyatsa nyumba. Invata ndi kontirola zipachikidwe pakhoma lamkati limene silinyowa. Nalimata, nyerere ndi mphemvu zimakonda kufunda kwa m'katimo, ndiye pamabowo opumira mutchinge ndi sefa ya udzudzu, osati pulasitiki.

Padenga nkhani ndi yomweyo. Mawati olembedwa kuseri kwa panelo anayezedwa pa madigiri 25, ndipo digiri iliyonse yowonjezera imachotsako pafupifupi 0.4 peresenti. Panelo yogonekedwa pamalata penipeni imatha kufika madigiri 65, ndiye mwataya kale 16 peresenti. Pakhale mpata wa masentimita 10 kapena kuposa kuti mphepo izidutsa pansi. Likoma ili madigiri 12 kumwera kwa equator, choncho panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka madigiri 10 mpaka 15. Dzuwa limadutsa pamutu penipeni chakumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale, ndiye kupendeketsa kwambiri kulibe phindu, koma kugoneka fulati nakonso kumasunga madzi ndi zinyalala. Mabawuti akhale enieni, olowa m'mitengo ya denga. Mwera ukayamba kuwomba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, panelo yomangidwa ndi waya kapena yotsamiritsidwa ndi njerwa mudzakaitola kwa aneba. Mphenzi zikayamba kung'anima panyanja, zimitsani invata ndi kuzula laputopu.

Pali mlendo wina amene ku Dedza simunamuone. Tsiku lina mudzaona ngati utsi ukufuka pakati pa nyanja, mizati yakuda yotalika. Imeneyo ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timaswa m'madzi. Mphepo ikatibweretsa kumtunda timadzaza pababu lililonse loyaka, timagwera m'ndiwo, ndipo m'mawa mupeza tamatirira pagalasi la panelo. Anthu akunyanja amatiwola ndi malichero n'kupanga chakudya, ndipo mudzalaweko musanaweruze. Usiku wotere zimitsani babu lapanja. Panelo muitsuke m'mamawa isanatenthe, ndi madzi ndi kansalu kofewa. Zitosi za mbalame musazilekerere, pakuti kachigamba kamodzi kophimbika kamafooketsa mzere wonse.

Za zovala ndi mabuku, makina oyamwa chinyezi amadya mawati 200 kapena 300 kwa maola ambiri, ndipo sola yapakhomo singawakwanitse. Chida chanu ndi zenera, fani ndi dzuwa. Chuku chimamera chinyezi chikakhalitsa pamwamba pa 70 peresenti pamalo opanda mphepo. Bedi, kabati ndi shelefu zitalikirane ndi khoma mpata wolowa dzanja. Masutikesi asakhale pasimenti. Zovala zipachikidwe pachingwe kapena pandodo motalikirana, kusiyana ndi kuzipanikiza m'chikwama. Dzuwa likangotuluka pakati pa mvula, tulutsani matiresi, mabulangete, nsapato zachikopa ndi mabuku, monga mmene mudzaonere anzanu akuchitira. Masatifiketi ndi mapepala a ntchito muwaumitse kaye padzuwa, kenako muwatsekere m'chidebe chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica timene timabwera m'mabokosi a nsapato. Chinthu chonyowa mukachitsekera m'pulasitiki ndiye mwachiphikira chuku. Mabulangete olemera a ku Dedza tengani limodzi lokha, la mu Juni ndi Julayi.

Mukapeza mpata kalowemoni mu tchalitchi cha St Peter's ku Chipyela masana dzuwa lili pamutu. Anayamba kuchimanga mu 1903 amishoni a Anglican a bungwe la UMCA, ndipo ndi denga lake lalitali ndi makoma ochindikala mumakhala mozizira popanda fani. Nyumba ya aphunzitsi singafanane nacho, komabe siling'i ya mphasa kapena ya bango pansi pa malata, ndi mazenera awiri oyang'anizana okhala ndi sefa, zimasintha chipinda kuposa chipangizo chilichonse chimene mungagule.

Pa chakudya ndikhale wolimba mawu. Chuku cha pansapato chimangonyansa, koma cha pa chimanga ndi mtedza chimatha kukhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi ndipo satha ndi kuphika. Chimanga chambiri pachilumba chimachokera kumtunda, ndiye mtima umafuna kugula matumba ambiri nthawi imodzi. Ngati mutero, chikhale chouma mpaka kulira pochiluma, chisungidwe m'matumba a PICS, aja osalowa mpweya, pathandala. Kuchigayo muzipita ndi chochepa, cha milungu iwiri, ndipo ufa muuyanike usanalowe m'ndowa. Mtedza wowawa kapena wosintha mtundu tayani, musapatse ngakhale nkhuku. Kondowole mudzamuzolowera, ndi nsomba yatsopano amatsika bwino. Neti ya udzudzu ikhale chinthu choyamba kupachika, chifukwa thupi lozolowera kuzizira kwa Dedza malungo akunyanja salichitira chifundo.

Kugula ndiye mugule kumtunda, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, kumene mungasankhe ndi kulandira lisiti ndi chitsimikizo cholembedwa. Koma ulendo woyamba pitani ndi nyale ya sola ya m'manja yotchajira foni basi. Kaoneni denga, mbali imene layang'ana, mtengo wa mango umene ungaphimbe panelo, ndi mmisiri amene anthu akumeneko amamukhulupirira, chifukwa chikadzaonongeka ndi iyeyo adzabwere, osati wa mumzinda. Safunsa anadya phula. Pobwerera ndi katundu pa Ilala, kumbukirani kuti sitimayi yakhala ikuyenda panyanjapa kuyambira 1951 ndipo imanyamula chilichonse, matumba a chimanga, malata, njinga, madengu a usipa, zonse mothithikana. Mapanelo akhale m'makatoni awo, oimirira chammbali, matiresi ali pakati, ndipo potsitsa muimepo nokha. Mutengeretu mafyuzi apadera, mababu awiri owonjezera ndi waya wotsalako, poti kachinthu kakang'ono kakasowa pachilumba mumadikira sitima ya sabata yamawa.