Vidiyo ya masamu izikhala yaifupi, ndipo muziyiimitsa

Madamu, mwafunsa ngati mavidiyo angathandize ana anu a Fomu 3 amene masamu akuwavuta, komanso ngati sangakudyereni nthawi ya silabasi. Ine ndimaphunzitsa pa CDSS ina cha ku Santhe kuno ku Kasungu. Mavidiyo amathandiza ndithu, bola chala chanu chisatalikire batani loimitsira.

Ana akaonera vidiyo yonse ali duu, amagwedeza mitu ngati amva, koma mukawapatsa funso cholembera sichiyenda. N'chifukwa chake ndimasankha kachigawo ka mphindi zitatu kapena zinayi basi. Wophunzitsa m'vidiyomo akangolemba funso, ndimaimitsa kuti ana ayambe ayesa okha m'makope. Kenako timapitiriza, aliyense aone pamene wasiyana naye. Pa piriyodi ya mphindi 40, nthawi yambiri imakhalabe ya choko ndi kope.

Si mutu uliwonse wofuna vidiyo. Pa factorisation choko n'chokwana. Koma pa zinthu zoyenda, monga rotation, enlargement ndi ma circle theorem, choko chimachepa. Mwana akaona ndi maso ake point ikuyenda pa arc koma angle osasintha, theorem ija sailowezanso ngati nyimbo, waimvetsa. Zimenezi zimandikhudza kwambiri ndikaziona pa ana aja amene anadziuza kalekale kuti masamu si awo.

Mavidiyo a Khan Academy, bungwe lophunzitsa kudzera pa intaneti, ndi aulere ndipo amapezeka pa YouTube, koma muziyamba mwaonera nokha kunyumba. Chingerezi chake n'cha ku America, ana athu chimawathamangira, ndipo kumeneko amati slope pamene mayeso a MANEB amati gradient. Nthawi zina ndimangotsitsa mawu n'kumafotokoza ndekha, mosakaniza ndi Chichewa.

Netiweki ndi magetsi musazidalire pa nthawi ya phunziro. Dawunilodani mukapita pa boma, musunge pa memori khadi, laputopu mutchajiretu. Ngati pulojekita palibe, gawani ana m'magulu: ena azionera, ena azisova za pa bolodi, kenako asinthane. Kuunjikira kalasi yonse pa foni imodzi kumangobweretsa phokoso.

Foni yanuyo musaidererenso. Iikeni pamwamba pa pepala, mujambule dzanja lanu likusova funso la MSCE la zaka zam'mbuyo uku mukufotokoza pang'onopang'ono, mutumize pa gulu la WhatsApp la makolo. Amene anajomba nthawi yosoka fodya akaonera madzulo pa foni ya kunyumba, ndipo pamene sanamve akabwereza mpaka amve.