Nthawi yam'tsogolo m'Chitaliyana: gwirani tsinde kaye

Achemwali, mwafunsa chifukwa chimene aphunzitsi anu akanira parlarò pomwe mneni wake ndi parlare (kulankhula), komanso ngati pali njira yachidule yolowezera zonsezi. Ilipo ndithu. Michira ya nthawi imeneyi, yomwe eni ake amaitcha futuro semplice, ndi 6 basi, ndipo sisintha pa mneni aliyense: -ò, -ai, -à, -emo, -ete, -anno. Mavuto onse ali pa tsinde.

Chotsani e wakumapeto kwa mneni, mulumikize mchira. Partire, kunyamuka, amapita chonchi: partirò, partirai, partirà, partiremo, partirete, partiranno. Koma kwa aneni othera ndi -are, a uja amasanduka e, n'chifukwa chake timati parlerò. Aneni aafupi aja, fare, dare ndi stare, iwo a wawo samutaya: farò, darò, starò. Polemba muzisamala ndi pagare, pamafunika h kuti g asafewe, pagherò, pamene mangiare amataya i n'kukhala mangerò.

Tsono pali aneni omwe tsinde lawo limafupika, ndipo ndi omwewo mudzawamve tsiku lililonse: avrò (avere, kukhala ndi), andrò (andare, kupita), vedrò (vedere, kuona), potrò (potere, kutha), dovrò (dovere, kuyenera). Essere, kukhala, amasinthiratu n'kukhala sarò. Awiri amene ndimafuna muwayang'anitsitse ndi verrò, ndidzabwera, ndi vorrò, ndidzafuna. Amasiyana chilembo chimodzi chokha, ndipo r wake ngwawiri, lilime lizichedwapo pang'ono. Kachizindikiro ka pa ò ndi à musamakasiye ngakhale mukulemba pafoni, chifukwa mawu amagunda pomwepo. Parleremo azikhalanso ndi m mmodzi. Mukaika awiri mwanena zina, kuti tikanalankhula.

Ine ndimati musalimbane ndi kuika nthawi imeneyi paliponse. Zinthu zikakhala zokonzedwa kale, Mtaliyana amangoti domani parto, monga momwe ife timanenera kuti ndinyamuka mawa osaikamo -dza-. Komwe mudzaimve kwambiri ndi poganizira chinthu chimene munthu sakutsimikiza. Wina akagogoda pachitseko, wam'nyumba amati sarà il postino, kutanthauza kuti ayenera kuti ndi wamakalata. Mukafunsa nthawi kwa munthu wopanda wotchi, adzakuyankhani kuti saranno le otto, mwina ili cha m'ma 8 koloko. Apa palibe zam'tsogolo ngakhale pang'ono, akunena za pompano.

Pa homuweki yanuyo, chiganizo chokhala ndi quando (pamene) muike mbali zonse ziwiri m'tsogolo: quando arriverò a Roma, ti chiamerò, kutanthauza kuti ndikadzafika ku Roma, ndidzakuimbira.