Mwana wanga akundithawa, akungofuna agogo ake

Azakhali, ndinasiya mwana wa miyezi 8 kwa amayi anga ku Domwe, ku Angónia, nditapeza ntchito ku Moatize. Pano ali ndi zaka ziwiri. Ndikafika amabisala kumbuyo kwa agogo ake, ndikamunyamula amalira. Bambo ake akuti tingomutenga, akazolowera konkuno. Kodi amayi anamuipitsa mtima?
Mayi wa ku Moatize

Mwanangu, amayi anu musawaganizire zoipa. Mwana wothawira kwa agogo ndi umboni woti akuleredwa bwino. Khanda likafika miyezi 6 mpaka 8 limayamba kuopa alendo n'kukakamira amene amalidzukira usiku, kulibereka ndi kulidyetsa phala. Inu munachoka pa msinkhu umenewu. Mary Ainsworth, katswiri wa kakulidwe ka maganizo a ana amene anafufuza mabanja a ku Uganda m'zaka za m'ma 1950, anaona kuti mwana amene amasamalidwa msanga akalira ndiye amalimba mtima kutsika pamwendo kukasewera, podziwa kuti ali ndi kothawira. Anaonanso kuti mwana amatha kukonda anthu angapo, choncho malo anu alipo.

Koma maganizo a bambo akewo ndikuwakana. Mukangomukweza minibasi (chapa) n'kumusamutsa tsiku limodzi, akhoza kukana chakudya, kudzidzimuka usiku, kapena kungokhala duu. Duu ameneyu akulu amati wazolowera, pamene mwana wataya mtima.

Pemphani tchuthi cha mlungu wathunthu. Masiku awiri oyamba musamugwire mokakamiza. Khalani pamphasa pafupi, muzisewera ndi zitsononkho, abwere yekha. Kenako muzimudyetsa ali pamwendo pa agogo. Mukatero tengani ntchito imodzi, monga kumusambitsa madzulo, nthawi yomweyo, ndi kanyimbo komweko. Bisiketi zimamusendeza kwa mphindi zochepa chabe, musadalire zimenezo.

Pochoka musazembe iye ali m'tulo. Mutsanzikeni, alire ali m'manja mwa agogo. Kuzemba kumamuphunzitsa kuti munthu amasowa mwadzidzidzi, ndiye amayamba kuopa ngakhale kugona. Mukabwerera ku Moatize imbani foni madzulo alionse, mphindi zisanu zakwana, bambo akenso alankhule.

Akayamba kukulolani kumubereka ndi kumugoneka, m'pamene mungamusamutse. Agogo abwere naye, akhale milungu iwiri kapena itatu, atengenso chitenje chimene amamuberekera. Akapitiriza kukana chakudya kapena akayamba kuonda, pitani naye kusikelo msanga.
Azakhali