Khutu liyambe, lilime litsatire

Aphunzitsi anzanga, mwafunsa ngati kutsanzira kungawongole katchulidwe ka Chingerezi ka ophunzira a ku yunivesite, poti malilime awo anakhwima kale. Inde kumathandiza, koma musathamangire pakamwa, vuto limayambira kukhutu. Munthu amene anakula ndi chinenero cha mavawelo 5, monga Chichewa kapena Chisipanishi, akamva "ship" ndi "sheep" amayesa ndi liwu limodzi. Nanga atsanzira bwanji zimene sakuzimva?

Ine ndimasankha mawu ojambulidwa a masekondi 30 basi, a munthu wolankhula momveka. Timamvetsera katatu tili chete, aliyense pensulo ili m'manja, akudula mzere pansi pa mbali ya liwu imene yatchulidwa mwamphamvu. Tikatero amalankhula motsatira wolankhulayo pambuyo pake penipeni, osadikira kuti amalize, uku akudzijambula pafoni. Mtsikana wina ankakana kwamtuwagalu kuti amawonjezera "u" kumapeto kwa "book". Atadzimva yekha anangogwira pakamwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankadziwongola ndisanayankhule.

Chonde musawavutitse kuti azimveka ngati obadwira ku London. Akatswiri ofufuza za zinenero Munro ndi Derwing anasonyeza mu 1995 kuti munthu akhoza kulankhula Chingerezi chomveka chakwawo koma anthu n'kumamumva bwinobwino. Naye Jennifer Jenkins mu 2000 anapeza kuti pakati pa anthu amene Chingerezi n'chophunzira, "th" sasokoneza kwenikweni. Zosokoneza ndi kutalika kwa mavawelo komanso kumeza makonsonanti ondondozana, ngati a koyambirira kwa "street".

Za kugwirira limodzi ntchito ndi aphunzitsi anzathu, apa mpamene mtima wanga uli. Ndinatha zaka ndikuphunzitsa ndekhandekha, osadziwa kuti zimene ine ndikulekerera mnzanga m'chipinda chinacho akudulira nazo malikisi. Ana a eni ankangosokonezeka. Masiku ano timakhala pansi, kumvetsera zimene ophunzira ajambula, n'kugwirizana zolakwa ziwiri kapena zitatu zoti tilimbane nazo teremu imeneyo. Si zachilendo ayi: bungwe la International Phonetic Association, lija la zilembo za katchulidwe za m'madikishonale, linayamba mu 1886 ku Paris ngati kagulu ka aphunzitsi a zinenero, motsogozedwa ndi Paul Passy.

Nthawi zina mnzangayo amakhala kumbuyo m'kalasi mwanga n'kumangomvetsera. Ndi iyeyo anandiuza kuti pa "develop" ndimaika mphamvu koyambirira m'malo mwa pakati, ndipo ophunzira anga onse anali atatengera. M'mawa mwake tinayambira pa liwu lomwelo, ine pamodzi ndi iwo.