Mellotron ikutsika mawu ndikadina makiyi ambiri, ndisinthe zonse?

Funso: Amisiri, ndili ku England ndipo ndimathandiza pa situdiyo ina. Tagula Mellotron M400, chida choimbira cha makiyi chomwe chimaliza mawu ojambulidwa pa matepi, yomwe inakhala m'galaja zaka zambiri. Ndikadina kiyi imodzi ikulira bwino, koma ndikadina makiyi asanu pamodzi mawu akutsika ngati wailesi yotha mabatire, ndipo makiyi ena mawu ake akunjenjemera. Anzanga akuti tigule mota, mahedi (tizida towerenga mawu pa tepi) ndi matepi atsopano. Tisinthe ziti, tikonze ziti?

Yankho: Achimwene, mota isiyeni kaye. Vutoli ndaliona kambirimbiri, ndipo nthawi zambiri limachokera pa timawilo ta mphira, ma pinch roller.

M400 ili ndi makiyi 35, kiyi iliyonse ndi tepi yakeyake ndiponso kawilo kake. Mukadina, kawiloko kamapanikiza tepi pa capstan, chitsulo chimodzi chachitali chimene chimazungulira pansi pa makiyi onse, ndipo tepi imakokedwa kwa masekondi pafupifupi 8. Makinawa anayamba kupangidwa ku Birmingham mu 1970, ndiye mphira yakeyo mwina yakwana zaka 50. Ikauma imaterereka. Mwini wosasamala akaona zimenezo amangomanga kabawuti ka pamwamba pa kiyi mpaka tepi igwire mokakamiza. Akatero pa makiyi onse, capstan imalemedwa, ndipo mukadina asanu mota imalephera kukoka. Zimandipweteka kwambiri, chifukwa kumanga koteroko kumaphwanyanso mphira yomwe ikanatha kupulumuka.

Choncho nyamulani makiyi onse, muwatembenuze, muyese timawilo kamodzikamodzi. Musadumphe ngakhale kamodzi. Kankhani ndi chala: kayenera kuzungulira mosavuta, popanda kukakamira kapena kugwedera cham'mbali. Kenako dinani mphirayo ndi chikhadabo. Yabwino imalowa pang'ono n'kubwerera. Ikakhala yolimba ngati mwala, yonyezimira, yong'aluka, kapena yophwatalala mbali imodzi, yatha. Kuphwatalala kumeneko ndiko kumanjenjemeretsa mawu. Ine ndimazunguza kawilo nditatseka maso, chifukwa chala chimamva bampu yomwe diso siliona. Lembani nambala ya kiyi iliyonse ndi zomwe mwapeza.

Timawilo tofewa koma takuda tipukuteni ndi kansalu konyowa ndi madzi a sopo pang'ono, osati sipiliti, poti amaumitsa mphira. Tokakamira tifuna kadontho kamodzi ka oilo wopepuka pa kachitsulo kapakati, ndipo asakhudze mphira. Touma tisinthidwe kapena tivekedwe mphira yatsopano. Koma chonde musagule totchipa ta pa intaneti tomwe muyeso wake sudziwika. Ndinalandirapo makina omwe anawaika totere, tina tokulirapo tina tochepa, ndipo ndinachotsa tonse n'kuyambiranso. Mukabwezera makiyi, masulani kabawuti mpaka tepi isiye kuyenda, ndiye mangani pang'onopang'ono mpaka iyambe kukoka bwino, muonjezere pang'ono chabe.

Mawu akapitiriza kutsika, onani bolodi yoyendetsa mota. Ngati ndi CMC-10 ya m'ma M400 oyambirira, imeneyo ndiyodziwika ndi vuto lomweli, ndipo ndi bwino kuikapo yamakono kusiyana ndi kulimbana nayo. Makapasita (tizida tosunga mphamvu ya magetsi) akale a mbali ya magetsi asinthidwenso, lamba naye ngati watamuka. Mota yeniyeniyo kawirikawiri imangofuna kutsukidwa ndi kuonedwa mabulashi, tizidutswa tolowetsa magetsi m'kati mwake.

Mahedi musawataye. Apukuteni, muwachotse maginito, basi. Tinsalu tofewa topanikiza tepi pa hedi tikatha, matani tatsopano, si todula.

Matepi ake ndi a mulifupi 3/8 ya inchi, muyeso wosapezeka wamba, koma kampani ya Streetly Electronics imapangabe atsopano. Akalewo ngati sakukakatuka kapena kusiya fumbi lofiirira pa mahedi, asungeni, chifukwa mawu amene munagulira makinawa ali momwemo. Ngati mugula atsopano, muwaike pomaliza, timawilo ndi mahedi zitakonzedwa, apo ayi mudzawakanda tsiku loyamba lomwelo.