Za ulendo wa achinyamata ku phiri la Mulanje

Mayi, mwafunsa ngati n'kotheka kutenga achinyamata a mpingo wanu kupita ku phiri la Mulanje mwezi wa Seputembala, akaone malo komanso akadzale mkungudza monga gawo lawo losamalira chilengedwe. Kupitako pitani ndithu. Koma zodzala mitengo mu Seputembala zisiyeni kaye. Nthawi imeneyo nthaka imakhala youma gwa, udzu wofiira, ndipo moto wolusa uli pachimake. Mbande yodzalidwa pamenepo siona Khirisimasi. Kudzala n'kwa nthawi ya dzinja, mvula ikakhazikika.

Poyamba dziwani eni malo. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa ya boma kuyambira mu 1927, ndipo lili m'manja mwa Dipatimenti ya Nkhalango. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, lomwe ambiri amangoti MMCT, limagwira ntchito limodzi ndi a nkhalangowo komanso midzi yozungulira phiri, ndipo ofesi yake ili ku Mulanje komweko. Alembereni kukadali nthawi, muwauze kuti muli angati, a zaka zingati, ndipo muwafunse ntchito imene ilipo mwezi umenewo. Asankhe ntchitoyo ndi iwo. Mwina adzakutumizani ku nazale za m'midzi kukathira dothi m'machubu, mwina kukalambula njira zotchinga moto, mwinanso kukazula paini yemwe anabwera ndi atsamunda n'kufalikira mpaka kulanda malo a mitengo yachilengedwe. Ntchito zoterezi sizikoma pa chithunzi cha pa Facebook, komatu n'zimene zimachititsa kuti mkungudza wodzalidwa kale upulumuke.

Nkhani ya mkungudzayi ndi yowawa. Ndi mtengo wa fuko lathu, ndipo mwachilengedwe umamera pa phiri limeneli basi. Thabwa lake limanunkhira, chiswe sichilidya, n'chifukwa chake ocheka matabwa mozemba anausakaza mpaka kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu yosakwana 10. Mbande zadzalidwa zambiri kuchokera nthawi imeneyo, koma mtengowu umakula pang'onopang'ono ndipo moto umodzi wa osaka mbewa kapena nyama umatha kupsereza ntchito ya zaka zingapo. Ndiye achinyamatawo muwauziretu: timabokosi ndi tiziboliboli ta mkungudza timene azikaona tikugulitsidwa asagule, kaya mtengo wake watsika bwanji. Makala a m'mbali mwa msewu pobwerera, chimodzimodzi. Ndikudziwa kuti wogulitsayo naye akusaka ya ufa, koma ndalama yomweyo ikhoza kumufika kudzera njira ina, monga kugula nanazi, nthochi kapena uchi.

Za ulendo weniweniwo, yambirani ku Likhubula, komwe kuli ofesi ya nkhalango. Mumalembetsa pamenepo, kulipira zolowera, n'kutenga wolondolera njira ndi onyamula katundu. Apa musaumire. Anthu amenewa ndi a m'midzi yapafupi, ndipo munthu amene ana ake akudya chifukwa cha alendo okwera phiri ndiye amayamba kuthamanga akaona utsi. Gwirizanani za malipiro musananyamuke, ndipo chikwama chisalemere mopitirira muyeso chifukwa choti wasenza ndi wina.

Gulu loyamba kumene lisalote za Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse pa phirili. Nsonga imeneyo ndi yotalika mamita 3,002, njira yake ndi ya miyala, ndipo chiperoni chikagwa simuona ngakhale mnzanu amene ali patsogolo panu. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anamwalira kumeneko atasiya womulondolera n'kupitiriza yekha. Kwa tsiku limodzi, Dziwe la Nkhalamba likukwanirani. Kuyenda kwake n'kosavuta, koma madzi ake ndi ozizira zedi ndiponso akuya, choncho osadziwa kusambira akhale pa mwala. Ngati mukufuna kugona kumtunda, kwerani mpaka ku nyumba yogona alendo ya ku Chambe, ulendo wa maola atatu kapena anayi. Kumakhala mlonda amene amathandiza za nkhuni ndi madzi, koma chakudya, mabulangete ndi majuzi n'zanu. Usiku kumazizira ngakhale kuno kumunsi kukutentha. Moto muzikoleza pa malo ake okhawo, ndipo m'mawa muuthire madzi mpaka phulusa lizizire.

Zinyalala zonse zitsike nanu, mapepala a maswiti ndi mabotolo omwe. Sopo asalowe mumtsinje. Madzi a Likhubula amamwedwa m'midzi ya kumunsi, ndipo ena amafika mpaka ku Blantyre kudzera m'mapaipi.

Chinanso, poti ndinu a mpingo. Kwa anthu ambiri a kumeneko phirili ndi malo a mizimu ya makolo, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, linaliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse makamaka chifukwa cha chikhalidwe chimenechi. Wolondolera njira akanena kuti pano sitichita phokoso, achinyamata amvere, zotsutsana za chikhulupiriro akazichitire m'basi. Ngati mtima wodzala ukadalipo, pemphani a MMCT akuuzeni tsiku mu Januwale, ndipo mukonzeretu ndalama yoti gulu lomwelo lidzabwerere kukapalira mbandezo moto usanayambe.